Dichloromethane ndi madzi a tiyi zikukana kulekana mu separating funnel

Chisomo:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Mu labotale tikuchotsa caffeine m'masamba a tiyi. Tinawiritsa masambawo m'madzi okhala ndi sodium carbonate, tinasefa, ndipo madziwo atazizira tinawathira mu separating funnel (chiwiya chagalasi chokhala ndi kampopi pansi, cholekanitsira zamadzimadzi zosasakanikirana) limodzi ndi dichloromethane, mankhwala amadzimadzi osungunulira caffeine. Titakhutchumula, m'malo mwa magawo awiri panapangika gawo lachitatu pakati, lofiirira ndi lathovu, lomwe silikutha ngakhale titaisiya pa sitandi kwa nthawi yaitali. Kodi tingalithetse bwanji? Komanso, popeza ethanol savuta kupeza, n'chifukwa chiyani sitigwiritsa ntchito iyeyo m'malo mwa dichloromethane?

Mphunzitsi wa Chemistry:
A Chisomo, ndiyambe ndi funso lachiwiri. Ethanol amasakanikirana ndi madzi kotheratu, kaya mumuthire wambiri kapena wochepa, chifukwa ali ndi gulu la OH (oxygen ndi hydrogen) lomwe limagwirana ndi mamolekyu a madzi. Mukamuthira mu funnel simudzaona mzere wolekanitsa, ndiye palibenso choti mutsanule. Acetone ndi methanol amachitanso chimodzimodzi. Dichloromethane amasungunula caffeine bwino koma amalowa m'madzi pang'ono pokha, ndipo popeza mililita imodzi imalemera magalamu 1.33 pamene ya madzi imalemera galamu 1.00, iye amakhala pansi.

Gawo lathovulo ndi emulsion, timadontho ta madzi ndi ta dichloromethane tomwe zinthu zina za m'tiyi zikutiletsa kuphatikizana. Chomwe chimaiyambitsa ndi kukhutchumula mwamphamvu. Pa tiyi ingotembenuzani funnel modekha, mutu pansi ndi kubwezanso, ndipo nthawi iliyonse ikakhala chozondoka tsegulani kampopi, mutalozetsa kutali ndi nkhope za anzanu, kuti nthunzi ituluke, pakuti dichloromethane amawira pa madigiri pafupifupi 40 ndipo kutentha kwa m'manja mokha kumakwanira kukweza mphamvu ya mpweya m'katimo. Pa emulsion imene ilipo kale, thirani madzi amchere okhuta, ndiko kuti magalamu pafupifupi 36 a sodium chloride (mchere wamba) m'mamililita 100 a madzi.

Mayi wa ku Labotale:
Aphunzitsi anena zoona, koma pa mchere ndichenjezepo. Madzi amchere okhuta amalemera magalamu pafupifupi 1.2 pa mililita, kutanthauza kuti mukathira ochuluka, gawo la madzi limayandikira kulemera kwa dichloromethane, ndipo magawowo amachedwa kukhazikika. Njirayi imathandiza kwambiri pa zosungunulira zina monga diethyl ether wolemera magalamu 0.71 pa mililita kapena ethyl acetate wolemera magalamu 0.90, omwe amayandama pamwamba, chifukwa kumeneko mchere umakulitsa kusiyana. Pa dichloromethane ine ndimathira mchere pang'ono chabe, kenako ndimatakasa gawo lathovulo pang'onopang'ono ndi kandodo kagalasi. Zikakanika, tsanulani gawo la pansi limodzi ndi thovulo, mulisefe pa thonje loikidwa m'khosi mwa funnel wamba. Nthawi zambiri pansi pamatuluka magawo awiri oyera. Ngati muli ndi centrifuge, makina olekanitsa zinthu pozizunguza mothamanga, ndiyo njira yachangu koposa.

Mukamaliza, dichloromethane wanu adzaoneka wambuu chifukwa cha madzi otsalira. Thirani anhydrous sodium sulfate, ufa wouma woyamwa madzi, pang'onopang'ono mpaka ufa watsopano utasiya kuumbika n'kumayenda momasuka mukagwedeza flask.

Takondwa:
Ndiwonjezere zinthu ziwiri zomwe ophunzira ambiri amagwa nazo. Musanatsegule kampopi kuti mutsanule, chotsani chotsekera cha pamwamba, apo ayi madzi adzatsika pang'ono n'kuima, ndipo mpweya wolowa kudzera pansi udzavundulanso magawo amene munavutika kuwalekanitsa. Chachiwiri, musadalire manambala okha pofuna kudziwa gawo la madzi, makamaka mutathira mchere. Tengani madontho angapo a gawo lomwe mukulikayikira muwathire m'chubu choyesera momwe muli madzi pang'ono: akasowa, ndi gawo la madzi; akakhala padera ngati kampira pansi, ndi dichloromethane. Sungani magawo onse awiri m'mabotolo olembedwa mpaka caffeine wanu atauma ndi kuyezedwa pa sikelo.