Phala latithera ana akadali pamzere, tichite bwanji?

Moni nonse abale anga a pagulu pano. A admin ndiloleni, nkhaniyi ndi yaitali koma yandisowetsa tulo.

Ndine mayi wa kuno ku Mulanje, mudzi wathu uli chakumtunda kwa msewu wochoka pa Chitakale kupita ku Muloza. Tili ndi kalabu ya anthu 16 yosamalira ana a m'mudzi, ine ndine msungichuma. Tinayamba mu 2023 namondwe wa Freddy atangotidutsa. Amene munali kuno mu Malichi chaka chimenecho mukukumbuka, sukulu zinatsekedwa, zina zinasanduka misasa ya anthu amene nyumba zawo zinagwa, ana n'kumangoyendayenda. Ena mvula ikangoyamba kuwaza pamalata ankayamba kulira. Tinati tiyeni tiziwasonkhanitsa aziimba, azisewera, asaiwale kuwerenga. Tsiku loyamba anabwera 23, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi.

Timakumana kawiri pasabata. Lachitatu akaweruka kusukulu, kuyambira 2 koloko mpaka 4, ndi kuwerenga basi. Achinyamata atatu amene anamaliza Folomu 4 amathandiza a Sitandade 1 mpaka 4 maphatikizo ndi masamu, pomwe a Sitandade 8 amabwereza mapepala akale a mayeso a MANEB. Loweruka ndiye tsiku lalikulu. Timayamba 8 koloko ndi pemphero ndi nyimbo, kenako timawagawa m'magulu. Aang'ono amalemba zilembo pansi ndi timitengo chifukwa makope ndi ochepa. Pali agogo ena aamuna amene amabwera atanyamula kampando kawo kudzaimba nthano, akangoti "Padangokhala!" bwalo lonse limayankha "Tili tonse!" ngakhale anyamata amene amadziona ngati akula kale. Kenako mpira wachikulunga, phada, fulaye. Ikakwana 11 koloko amasamba m'manja pa mpondagiya n'kulandira phala.

Phalalo ndiye landibweretsa pano. Poyamba kunalibe. Tinaliyamba titaona kuti pofika 10 koloko ana ena amangogona pansi pa mtengo, ukawafunsa amati mutu. Masiku a sukulu amalandira phala la Mary's Meals, koma Loweruka amachoka kunyumba osalawa kanthu. Membala aliyense amasonkha K1,500 pasabata. Timagula chimanga, soya pang'ono, kulipira kuchigayo, shuga tikakhala ndi mwayi. Nkhuni amayife timasenza tokha. Mphika wathu umakwanira ana 60.

Panopa ana afika 140. Ena akuchokera kutsidya kwa mtsinje, midzi imene sitinaiuze n'komwe. Ino ndi Januwale, m'nyumba zambiri ufa unatha kalekale. Ndi nyengonso yothyola tiyi, makolo amalawirira ku esiteti ngakhale Loweruka, ndiye mwana wa zaka 8 amabwera atabereka mng'ono wake, wina atamugwira padzanja.

Masabata awiri apitawo phala linatha ana ambiri akadali pamzere, ndipo wogawa ndinali ineyo. Ndinapala mphika mpaka pansi. Patsogolo panga panaima kamtsikana ka zaka ngati 9, katabereka mwana. Sikanalire, sikanayankhule. Kanasuzumira mumphika, n'kuika kapu yake m'jumbo, n'kumapita. Loweruka lapitali sikanabwere.

Pamsonkhano wa Lamulungu tinasiyana maganizo. A tcheya akuti tilembe mayina a ana amasiye ndi ovutikitsitsa 60, phala likhale la amenewo basi. Ena akuti tilisiye, tinayambira kuwerenga osati kuphika. Ine zonse ziwiri mtima wanga ukukana. Kwathu kuno ana ambiri makolo awo ali moyo, koma bambo anapita ku Mozambique kapena ku Joni osamvekanso, mayi anakwatiwanso, mwana akuleredwa ndi agogo. Ameneyo tidzamulemba pati? Ndipo ndani adzaime pa mphika n'kuuza mwana kuti iwe amako alipo, patuka? Koma monga wosunga ndalama ndikudziwanso kuti thumba silingatalike.

Amene munayendetsapo zotere, munkatani ana akachuluka kuposa chakudya? Ndithandizeni maganizo tisanakumanenso Lamulungu.

Mphunzitsi wopuma, ku Luchenza:
Amayi, ndaphunzitsa zaka zambiri m'makalasi a ana oposa 100, ndiye ndikukumvani. Mndandanda wa amasiye musalembe. Ana amamva zonse, Lolemba kusukulu adzayamba kutchulana "wa phala la amasiye", ndipo amene mukufuna kuwathandizawo ndi amene adzayambe kuthawa. Ndifunse kaye: Lachitatu, tsiku lopanda phala, amabwera angati?

Mwini funso:
Zikomo aphunzitsi. Lachitatu amabwera 45, nthawi zina 55. Kukagwa mvula yambiri amachepa chifukwa mtsinje umadzaza.

Mphunzitsi wopuma, ku Luchenza:
Ndiye musadere nkhawa kuti ana akungotsata chakudya, muli ndi 50 obwera popanda kapu. Chimene mukusowa ndi kaundula wa ana onse, dzina, mudzi, kalasi, ndi amene akukhala naye. Mukatero mudziwa ufa wofunika musanayatse moto. Pogawa yambani ndi osayamba sukulu ndi amene abereka ana, akuluakulu a Sitandade 7 ndi 8 kumapeto, ndipo muwauze chifukwa chake. Mwana wamkulu akauzidwa bwino amamvetsa. Wogawanso asakhale mmodzi, awiri, wina akuwerenga makapu.

Bambo wa pa Limbuli:
Ine ndiyankhula mosabisa. Lisiyeni phalalo. Anthu 16 simungadyetse midzi inayi, chaka chamawa adzakhala 300. Makolo mwawazoloweza, akudziwa kuti Loweruka kuli kophikiridwa. Walira mvula walira matope. Mapeto ake mudzadana nokhanokha pankhani ya ndalama, kalabu idzatha, ndi kuwerenga komwe kudzathera pomwepo.

Mayi wa ku Bvumbwe:
Achimwene a pa Limbuli, zoti kalabu ikhoza kusweka mwanena zoona, ndinaziona kwathu. Koma mayi amene wadzuka 4 koloko kukathyola tiyi sanazolowezedwe ndi munthu, akusaka chakudya cha ana omwewo. Phala likatha ana aja sadzakhala kunyumba, adzakhala kumsika kugulitsa nzimbe ndi zitumbuwa kapena kumtsinje.

Mlezi wa sukulu ya mkombaphala, ku Thekerani:
Achemwali, ife vuto limeneli tinakhala nalo zaka. Ndikuuzeni zimene zinatithandiza, mutengepo zoyenera kwanu.

Cholakwika chimene tinkachita n'chakuti phala tinkalitenga ngati la komiti. Makolo ankaona ngati pali bungwe limene likutipatsa ufa, mwinanso ankaganiza kuti tikudyapo. Tsiku lina tinapempha amfumu kuti aitanitse msonkhano, tinabweretsa kope la ndalama n'kuwerenga pagulu tambala iliyonse, kuti izi tasonkha ndife, izi tagula, izi zatsala. Anthu anakhala chete. Kuyambira pomwepo tinagwirizana kuti pokolola banja lililonse lipereke mbale imodzi ya chimanga, amene alibe chimanga apereke nandolo, mtedza kapena chinangwa, amene alibiretu abweretse nkhuni kapena abwere kudzaphika. Palibe mwana anabwezedwa chifukwa kwawo sanapereke, koma amfumu ankadziwa amene sanapereke ndipo ankawayendera.

Pa kaphikidwe, soya muzimukazinga kaye musanapite naye kuchigayo, apo ayi phala limanunkha chiwisi ndipo ana amadandaula m'mimba. Muyezo wake ndi wa Likuni phala, mbale zinayi za chimanga, imodzi ya soya. Chimanga chikhale cha mgaiwa, osakonola, mukakonola mukutaya ufa wambiri komanso chakudya chenicheni chili m'gagamo. Shuga akavuta thirani kamchere ndi nsinjiro, ana amamwa bwinobwino. Kale ife tinkaphwanyiramo nthochi zakupsa, koma chibwerere matenda a chisaka aja amene anatha nthochi kuno ku Thyolo, nthochi yasanduka ya ndalama.

Chomaliza, pemphani kamunda. Mbatata yofiira mkati mutadzala mwezi uno kapena wamawa, pofika Meyi muli ndi chophikira ana Loweruka popanda kupita kuchigayo.

Mwini funso:
Achemwali mwanditsegula maso pa nkhani yowerenga kope pagulu. Ndithu pali amayi ena amene anandifunsapo kuti azungu anu amabwera liti. Ndinangoseka, sindinaganize kuti mudzi wonse ukhoza kumaganiza choncho. Za munda ndiye zovuta, mukudziwa kuno malo ambiri ndi tiyi, banja lili ndi kachigawo kamodzi. Koma kuseri kwa tchalitchi kuli mizere ingapo imene imangomera udzu, tikapempha akuluampingo.

Mnyamata wa ku Phalombe:
Malangizo a mbale ya chimanga ndi abwino, koma ndi a mu Epulo. Mayiwa akufunsa za Loweruka likubwerali. Mu Januwale muno mbale ya chimanga munthu aitenga kuti? Ine ndikuti kuyambira pano mpaka zakumunda zitacha, chepetsani kapu, aliyense alawe theka, kusiyana n'kuti ena akhute ena abwerere. Ndipo midzi ya kutsidyayo muyankhule ndi mafumu awo ayambe bwalo lawo, inu mukawaphunzitse. Ana kuwoloka mtsinje nthawi ya dzinja chifukwa cha kapu ya phala, tsiku lina mudzalira.

Mayi amene anagwirapo ntchito yoteteza ana:
Amayi, anzanga akamba za ufa, ine ndikamba za kamtsikana kaja. Musadikire kuti kabwere kokha. Mwana wa zaka 9 amene amalera khanda tsiku lonse, n'kutheka kuti ndi masiku a sukulu omwe sapita. Funsani anzake akuuzeni kwawo, mupite ndi mayi mmodzi wa mother group (gulu la amayi lolimbikitsa ana, makamaka atsikana, kupita kusukulu) ya pasukulu yanu, mukacheze mwaulemu, osati ngati mwabwera kudzaweruza.

Zimene mukuchitazo boma limazidziwa, zimatchedwa Children's Corner. Pitani ku ofesi ya Social Welfare pa boma la Mulanje mukadziwitse kuti mulipo, mufunsenso za Child Protection Worker, wogwira ntchito yoteteza ana, wa dera lanu. Musapite ndi chiyembekezo cholandira matumba a ufa. Phindu lake ndi loti mukapeza mwana amene akuzunzidwa kapena akufuna kukwatiwitsidwa, mudziwa kothamangira, ndipo kalabu yodziwika ndi imene imakumbukiridwa maphunziro a alezi akabwera. Nambala ya foni ya 116, yoimbira mwana akakhala pamavuto, ndi yaulere, muiphunzitse ana onse aidziwe pamtima. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2017 malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndiye atsikana anu a Sitandade 8 aja ndi ana, ngakhale matupi awo akule bwanji. Achinyamata ophunzitsawo asakhale ndi mwana payekha, nthawi zonse pakhale wamkulu wachiwiri. Sindikukayikira munthu, koma lamulo limenelo limateteza ana ndi achinyamatawo omwe.

Mwana wa ku Mulanje, ali ku Johannesburg:
Mayi anga, nkhaniyi yandikhudza, ine ndinakula ndi agogo kumunsi kwa phiri konko ndipo njala ya Januwale ndimaidziwa. Ikani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ndi zithunzi za anawo, tili angapo kuno tikhoza kuponya kenakake mwezi uno.

Mayi amene anagwirapo ntchito yoteteza ana:
Achimwene mtima wanu ndi wabwino, koma zithunzi za nkhope za ana atanyamula makapu zisaikidwe pa Facebook. Zimakhala pa intaneti mpaka kalekale, ndipo akuba amazitenga n'kumapempha nazo ndalama m'magulu ena. Jambulani mphika, matumba, kope la ndalama. Amayi, nambala yanu musaike pano, ndipo ndalama zikabwera zisalowe mu foni ya munthu mmodzi popanda mboni. Ubale wa m'kalabu umathera pamenepo.

Mwini funso:
Abale anga zikomo nonse, ndabweranso kudzakuuzani mmene zayendera. Achimwene a ku Joni, ndakulemberani ku inbox, muyankhula ndi ine, a tcheya ndi mlembi tonse atatu.

Lachisanu tinapita kwa kamtsikana kaja ndi mayi mmodzi wa mother group. Kwawo ndi kutsidya. Tinapeza agogo ake akudwala miyendo, mayi ake ali ku esiteti, bambo kulibe. Kali Sitandade 2, koma chitsegulire teremu ino kapita kusukulu masiku owerengeka, chifukwa palibe womusiyira mwana. Titafunsa chifukwa chimene sikanabwere Loweruka, agogo anati kanawauza kuti phala ndi la ana a mudzi wakonko, ife tinangolowerera. Palibe amene anakauza zimenezo, kanaziganiza kokha pamzere paja. Pa mndandanda wa amasiye kamtsikana kameneka sikakanalowa. Ndinawafotokozera a tcheya, sanayankhe kanthu, koma Lamulungu nkhani ya mndandanda sanaibweretsenso.

Tagwirizana kuti mpaka Epulo tizithira theka la kapu, aang'ono ndi obereka ana poyamba. Kaundula tayamba dzulo, talemba ana 118. Amfumu avomera msonkhano wa mudzi Loweruka masana, kope ndilitenga. Bambo mmodzi wa m'kalabu wanena kuti ngati phala likupitirira iye asiya kusonkha, ndipo sitinathe kumubweza maganizo, ndiye tatsala osonkha 15.

Chimene chatikanika ndi cha kutsidya. Amfumu akumeneko akuti ndi okonzeka koma alibe mphika waukulu, ndipo palibe wachinyamata amene wavomera kuphunzitsa popanda kangachepe ka sopo. Athu atatu aja nawonso ayamba kufunsa. Achemwali a ku Thekerani, alezi anu mumawagwira mtima bwanji kuti asathawe? Mumawapatsa kanthu pamwezi, kapena mudzi umawalimira?