Mkango ukazingwa umadya udzu, kuzingwaku nkutani kwenikweni?

Nachisale: Abale ndithandizeni. Dzulo mwana wanga amanyinyirika ndiwo za bonya ndiye ndinamuuza kuti idya, mkango ukasauka umadya udzu. Amalume ali pakhonde anangoti iyayi, ndi ukazingwa osati ukasauka, ana a lero mukupha Chichewa. Ine mayi wa ana atatu ati mwana wa lero kkkk. Zimasiyana pati?

Wa kwa Chulu: Amalumewo akunena zoona. Agogo anga aakazi ankati kale amuna akapita ku uzimba ankazinga tchire ndi agalu ndi moto, nyama isowe kolowera. Ndiye kuzingwa nkuzunguliridwa. Taonani kwathu kuno ku Kasungu, paki tinaizinga ndi minda ya fodya ndi chimanga mpaka m'malire, mu 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde, pano zimatuluka usiku kudzadya m'minda, anthu kumagona ku munda akuimba zitini. Yazingwa njovuyo.

Mai a Chiko: Aaa inu mwapita kutali. Agogo anga ku Ntcheu ankanena mwambiwu pa njala ya 2002 tikudya nsima ya madeya, panalibe za agalu kapena moto. Kuzingwa ndi kusowa pogwira basi.

Wa kwa Chulu: Mayi, nanga chimausowetsa pogwira mkangowo nchani? Si kuti tchire latha, mbawala zatha? Ndi zomwezo ndikunenazi.

Kamba: Ine agogo akamati mkango timaona ngati nthano, ankati unkabangula kuseri kwa phiri mpaka mbuzi kukodza m'khola. Paphiri pomwepo lero mbee, mitengo yonse inapita ndi makala, ngakhale nkhwali sizilira. Ku Majete mikango inatheratu mpaka anachita kukatenga ina ku South Africa mu 2012, tangoganizani dziko kuitanitsa mikango ngati feteleza.

Wa kwa Chulu: Eya, ndipo anaitsekera mu mpanda wa magetsi. Kuzingwa kumeneko!

Mai a Chiko: Bambo inu chilichonse mukuti kuzingwa, mawa muti nkhuku ya m'khola yazingwa.

Nachisale: Ndamufunsa mwana uja kuti uzimba nchani akuti ndi dzina la sopo 😭

Kamba: Musadabwe, wanga ndikamuitana amati "bho madala", nyalugwe amati taiga, tsekera ndi nsenjere kwa iye zonse ndi "grass". Mwana woti sanaonepo ngakhale gwape umuuze za mkango wodya udzu?

Mai a Chiko: Ndi mafoniwa. Moni wake "zikutheka", munthu wamkulu ngati ine.

Wa kwa Chulu: Komabe ndikubwereza, mawuwa achokera ku kuzinga. Nachisale kawafunseni amalumewo ngati sanapiteko ku uzimba.

Nachisale: Ndawafunsa, akuti iwo amadziwa za mbewa zokha, ndipo akuti mumalankhulitsa.