Nyerere za mitu ikuluikulu pamzere wa linthumbu

Nankhuku: Akuluakulu, pamzere wa linthumbu pamakhala nyerere zina za mitu ikuluikulu zongoima m'mbali, osanyamula kanthu. Ntchito yake n'chiyani? Nanga bwanji mzerewo ukasesedwa zimangochulukira m'khola la anapiye?

Che Tizilombo: Amenewo ndi asilikali, mayi. Linthumbu ndi nyerere za mtundu wa Dorylus, ndipo zantchito zake zonse zilibe maso. Zimatsata fungo limene zinzake zasiya panjira. Asilikaliwo amaima moyang'ana kunja, mutu m'mwamba, mano ali yasa. Mzere ukamadutsa poyera, amakolana miyendo n'kupanga mpanda mbali zonse ziwiri, nthawi zina mpaka denga, kuti zonyamula chakudya ndi mphutsi zidutse mkati. Chimawadzutsa ndi kugwedezeka kwa nthaka ndi mpweya wa chamoyo chimene chayandikira. Tsache likaphwanya zingapo, zimatulutsa fungo lochenjeza zinzake, mzere uja umasweka, zonse n'kubalalika kufunafuna mdani. Choncho kusesa n'kumene kumaziitanira m'khola.

Mlimi wa Njuchi: Zoona. Mzerewo musaukhudze. Choyamba tulutsani anapiye, chifukwa chiweto chotsekeredwa n'chimene chimafa. Kenako thirani phulusa louma kuzungulira khola, mulifupi mwake ngati chikhatho chotambasula, osasiya mpata. Phulusa likanyowa ndi mame kapena mvula latha ntchito, thiraninso. Ngati khola ndi la m'mwamba, mwendo uliwonse ukhale m'chitini cha madzi, pamwamba pake oyilo wakutha wa galimoto pang'ono. Ambiri amalephera apa: amasiya udzu kapena nthambi yokhudza khola, nyerere n'kupeza mlatho. Lambulani pozungulira ponse. Moto wa udzu pafupi ndi denga laudzu ayi ndithu.

Che Tizilombo: Kuwonjezera pa za kuluma: mphamvu yake ili m'mano, osati mu ululu. Msilikali akaluma sasiya, ndipo mukamukoka kumimba thupi limaduka, mutu n'kutsalira pakhungu. Mugwireni pamutu penipeni ndi zikhadabo n'kumuchotsa. Zikakukwerani, chokani kaye pamzerepo, vulani chovala, muzitole imodziimodzi.

Nankhuku: Zikomo kwambiri. Nanga zikalowa m'nyumba?

Mlimi wa Njuchi: Tulutsani ana, odwala ndi ziweto, mutseke bwino nyama ndi mafuta, muzisiye zidutse. Zimadya mphemvu ndi tizilombo tina ta m'ming'alu, ndipo zikasowa chodya zimachoka zokha.