Wailesi ya VHF paboti: ndigule ya mawatsi 25 kapena nkhani ndi eriyo?

Nangula82:

Akuluakulu moni nonse. Ndili ndi funso landisowetsa tulo sabata yonseyi. Ndili ndi kaboti ka injini yapanja kotalika mamita 6, ndipo mpaka pano ndakhala ndikuyendera wailesi ya VHF ya m'manja, ya mawatsi 5 ija ena amangoti ova-ova. Pafupi ndi doko imagwira bwinobwino palibe chodandaula. Koma Loweruka lapitali injini inandizimira ndili kutali ndithu, GPS imaonetsa kuti ndatalikirana ndi boti la mnzanga makilomita pafupifupi 14, mphepo nayo ikuyamba kukwera, ndiye ndinaitana pa tchanelo chimene tinapangana, kuitana, kuitananso, iye zii. Chondidabwitsa n'choti ineyo ndimamumva akulankhula ndi boti lina, mawu akuduka-duka koma ndimamva ndithu kuti ndi iyeyo. Injini inadzalira patatha ola koma mtima sunakhale m'malo mpaka lero chifukwa ndinali ndi mwana wanga m'botimo.

Ndiye ndikufuna kugula wailesi yomangirira m'boti ya mawatsi 25. Wina wandiuza kuti 25 ndi 5 kasanu, ndiye mtunda nawo uchuluka kasanu, ngati pano ndikufika makilomita 8 ndizifika 40. N'zoona zimenezi? Nanga eriyo ndigule iti, ndaona zina zalembedwa 3 dB, zina 6 dB, ina 9 dB yaitali ngati nsungwi. Ndithandizeni chonde.

Chiwongolero:

Pepani achimwene, kuzimiridwa injini uli ndi mwana si zocheza. Koma amene anakuuzani za kasanuyo wakusocheretsani, siziyenda choncho ayi.

Wailesi za panyanjazi zimagwira pakati pa 156 ndi 162 MHz, ndipo siginolo ya pamenepo imayenda pafupifupi mowongoka ngati kuwala kwa tochi, imangopindika pang'ono pokha kutsata dziko. Dziko ndi lobulungira, ndiye mukatalikirana madzi enieniwo amakhala ngati atukuka pakati panu n'kutchinga. Munaonapo momwe sitima ikamapita kutali thupi limayamba kusowa n'kutsala mlongoti wokha kuonekera? Ndi zomwezo basi. Chimene chimalamula mtunda kwambiri ndi pamene eriyo yakhala, kuti yakwera mamita angati kuchoka pamadzi, yanu komanso ya amene mukulankhula nayeyo.

Masamu ake si ovuta, pa foni pomwepo mutha kuwerengera. Tengani square root ya mamita amenewo muchulukitse ndi 4.1, mupeza makilomita a mbali yanu, muchitenso chimodzimodzi mbali ya mnzanu kenako muphatikize. Inu mutaimirira m'boti ndi ya m'manja eriyo ili mwina pa mamita 2, apo ndi makilomita 5.8. Tinene kuti ya mnzanu ili pa mamita 4, apo ndi 8.2. Kuphatikiza ndi 14. Mwaona? Munali m'malire enieni. Ndipo ngati munaitana mutakhala pansi chifukwa cha mafunde, eriyo ili pa mita imodzi, mbali yanu inatsika kufika 4.1, ndiye munali kuseri kale.

Za mawatsi, pamwamba pa madzi siginolo imafooka msanga kwambiri moti kuti mtunda uwirikize kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi ka 16. Kuchoka pa 5 kufika pa 25 mupindula mwina theka la mtunda umene mumafika kale, ndipo apo ndikunena mukadali mkati mwa malire aja, mukadutsa phindu limachepanso. Ndiye 8 safika 40, iwalani zimenezo.

Makilomita 40 mumafika mukamalankhula ndi siteshoni ya kumtunda imene eriyo yake ili paphiri kapena pa nsanja. Eriyo ya pa mamita 100 payokha imapereka makilomita 41, n'chifukwa chake nthawi zina ngakhale ka m'manja kamamveka kutali choncho, ndi mlongoti wa kumtundawo ukugwira ntchito osati kawailesi kanuko.

MafundeAkulu:

A Chiwongolero masamu anu ndi olondola koma ine ndikuona ngati mwawachepsa kwambiri mawatsi, munthu angawerenge apa n'kuganiza kuti kugula ya 25 n'kutaya ndalama. Tawerenganinso zimene a Nangula afotokoza. Iwo amamumva mnzawoyo koma iye samawamva. Mtunda ndi umodzi, ma eriyo awiriwo ndi omwewo polankhula ndi pomvetsera, ndiye kusiyana kunali pati? Ine ndikuti mnzawoyo amatulutsa 25 iwo amatulutsa 5, mwinanso osakwana 5 ngati batire linali litatsika, chifukwa tima wailesi ta m'manjati batire likafooka mphamvu nayo imagwa. M'malire muja siginolo sizima kamodzi ngati wathimitsa getsi, imanka ikumira m'phokoso pang'onopang'ono, ndipo pamenepo ndi pamene 7 dB ya pakati pa 5 ndi 25 (dB ndi muyeso wa kusiyana kwa mphamvu) imaoneka ntchito yake. Tsiku limene lija ikanatha kuwapulumutsa.

Chinanso VHF yathuyi ndi FM, ndipo pa FM anthu awiri akakanikiza batani nthawi imodzi wolandira amamva wamphamvu yekha, winayo amakwiriridwa osamveka n'komwe. Pa tchanelo 16, choitanirana komanso cha ngozi chija, pakakhala anthu ambiri iwe uli pamavuto ndi mawatsi 5, n'zosavuta kukwiriridwa.

Koma ndivomereze apa, mawatsi amathandiza polankhula pokha, pomvetsera sawonjezera kanthu. Eriyo yabwino yokwezedwa imathandiza mbali zonse ziwiri. Ndiye gulani ya 25 inde, koma musaimire pomwepo. Ndipo mukakhala padoko kapena mukucheza ndi boti lomwe mukuliona ndi maso, dinani batani la 1 W, wailesi zonse zomangirirazi zili nalo, musamasokoneze anzanu amene ali makilomita 20 uko ndi nkhani yoti mukumane pati.

Muonenso mawaya a magetsi. Pa mawatsi 25 wailesi imakoka ma amp 5 kapena 6 polankhula, mukaipatsa tiwaya tating'ono totalika kuchoka ku batire magetsi amagwa ndipo 25 ija simuiona.

Chiwongolero:

Palibe chotsutsa apo akulu, mwakonza bwino. Ine chimene ndimakana ndi kasanu kaja.

Pangolini_W:

Ine ndilankhulepo za chinthu chimene anthu sachiganizira pogula, waya wa pakati pa wailesi ndi eriyo, coax uja. Chaka chatha wailesi yanga ya 25 inayamba kufika pafupi kuposa ya m'manja ya mlamu wanga, ndinafika poganiza kuti yapsa mkati. Tsiku lina ndinamasula pulagi ya PL-259 yolumikizira waya chakumunsi kwa eriyo, ndikutembenuza chonchi madzi anadontha m'dzanja langa, ndipo nditasenda chikopa cha waya ulusi wa kopa woluka uja unali wakuda bii, malo ena wobiriwira, ukungoyoyoka ndikaukhudza. Ndinadula masentimita 30, wakudabe. Ndinadula mita yathunthu, wakudabe. Madzi anali atayenda mkati mwa waya ngati mafuta mu chingwe cha nyali. Ndinasintha waya yense n'kukulunga pulagi ndi tepi yodzimata yokha ija, wailesi yomweyo inabwerera mwakale.

Ngakhale waya watsopano amadya mphamvu. RG-58 wowonda uja pa 156 MHz amataya pafupifupi 3 dB pa mamita 15 aliwonse, ndipo kutaya 3 dB n'kutaya theka la mphamvu, kutanthauza kuti mwa mawatsi 25 ofika ku eriyo ndi 12 kapena 13 basi, enawo angofunditsa waya. RG-8X amataya mochepera apo, RG-213 wonenepa uja amataya osakwana theka la zimene RG-58 amataya. Paboti lanu la mamita 6 waya akhala wamfupi, mamita 4 kapena 5, ndiye RG-58 alibe vuto, bola musasiye mulu wa waya wotsala mamita 10 utapindidwa pansi pa mpando, komanso musamupinde mokhota kwambiri pa kona.

Mukamaliza kumanga pezani munthu wa kachipangizo koyezera SWR, nambala yoonetsa kuchuluka kwa mphamvu imene ikubwerera ku wailesi m'malo motuluka pa eriyo. Pansi pa 1.5 zili bwino, ikadutsa 2 fufuzani, ikafika 3 pali chinachake chaduka kapena chagundana ndipo wailesi zambiri zimadzichepetsera mphamvu zokha kuti zisapse. Koma chenjezo, waya wovunda ngati wanga uja atha kuonetsa SWR yooneka bwino chifukwa mphamvu yobwerera ikuthera m'njira, ndiye musadalire nambala yokha, yesani ndi munthu amene ali kutali. Ndipo musakanikize batani lolankhulira eriyo isanalumikizidwe.

Magetsi a LED nawonso. Mu 2018 a US Coast Guard, oyang'anira chitetezo cha panyanja ku America, anatulutsa chenjezo kuti mababu ena a LED amatulutsa phokoso logonthetsa VHF ndi AIS, chipangizo chimene masitima amauzirana malo amene ali. Kuyesa kwake, thimitsani ma LED onse, pitani pa tchanelo chopanda anthu, tsitsani squelch, batani lotsekera phokoso lija, mpaka phokoso limveke, kwezani pang'ono mpaka lingoti zii, kenako yatsani magetsiwo limodzi limodzi. Phokoso likabwerera mwampeza wolakwa.

MayiWaThanga:

A Nangula funso lanu la ma dB palibe amene waliyankha ndiye ndiyesepo. Eriyo siipanga mphamvu yatsopano. Zili ngati payipi ya madzi mukaitsina kukamwa ndi chala, madzi ndi omwewo koma amathamanga patali chifukwa mwawapanikiza mbali imodzi. Eriyo ya gain yambiri imatenga mphamvu imene ikanapita kumwamba ndi pansi n'kuiphwathalalitsa kuti iziyenda chopingasa ngati mbale yafulati kuzungulira boti. Boti likakhala bata zimenezi n'zabwino kwambiri. Koma boti likamayepa m'mafunde mbale ija nayo imapendekeka, mbali ina ikuloza kumitambo ina ikuloza m'madzi, ndiye womvera amangomva mawu akubwera n'kusowa, kubwera n'kusowa.

N'chifukwa chake ife a maboti a thanga timaika ya 3 dB, kachitsulo ka pafupifupi mita imodzi, pamwamba pa mlongoti. Boti lathu limayenda chopendekera nthawi zambiri, ndipo kukwera tili nako kale, mlongoti wa mamita 16 umatipatsa makilomita 16 mbali yathu yokha. Ya 9 dB ndi ya maboti akuluakulu osagwedezeka, pa kaboti ka mamita 6 musayerekeze, ikuvutitsani pomanga komanso tsiku la mafunde lomwe mukuifunitsitsalo ndi pamene idzakukhumudwitseni. Kwa inu ya 6 dB ya mamita 2.4 ndi imene ambiri amaika, ndipo kutalika kwakeko kumakuthandizaninso kukweza. Imangeni pamalo okwera kwambiri amene alipo, iime chilili, italikirane ndi zitsulo zina zoimirira komanso ndi mitu ya anthu mita imodzi kapena kuposa. Powerengera masamu a a Chiwongolero yezani kuchoka pamadzi kufika chapakati pa eriyo, osati kunsonga.

Mawu oti chilili ndawanena dala. Ndimaona anthu ambiri eriyo yopinda ija aigoneka cham'mbuyo kuti isamakole, kapena ka m'manja akagwira chopingasa ngati foni, siginolo imatayika yambiri zedi chifukwa ma eriyo onse a panyanja amaima choongoka ndipo yanu iyenera kufanana nawo.

Ka m'manjako musakataye. Batire la boti likafa ya 25 ija yafanso. Gulani kolumikizira kakang'ono koti ka m'manjako kazitha kulowa pa waya wa eriyo yaikulu, mudzadabwa momwe mawatsi 5 omwewo amafikira. Komanso ngati kumene mumayendako kuli siteshoni yomvetsera DSC, njira yoitanira potumiza manambala m'malo mwa mawu, lembetsani MMSI, nambala yodziwitsa boti lanu, ndipo wailesiyo ikhale ndi GPS, batani lofiira la ngozi la pa wailesiyo limatumiza malo amene muli pa tchanelo 70, ndipo uthenga wa manambalawo nthawi zambiri umadutsa pamene mawu akukanika. Ndipo tsiku lina zikadzavuta musamangoitana mnzanu pa tchanelo chanu chokha, pitani pa 16, boti lina lililonse lapafupi litha kukumvani.

Nangula82:

Zikomo kwambiri nonse, ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni momwe zayendera. Ndinagula ya 25 ndi eriyo ya 6 dB, ndinaimanga pamwamba pa kadenga ka pa chiwongolero, pakati pake pali mamita pafupifupi 3.5 kuchoka pamadzi, SWR inaonetsa 1.3. Ndi mnzanga yemwe uja tinayesa tsiku la bata, iye anaima malo amodzi ine ndikutalikira. Pa makilomita 10 amandimva ngakhale pa 1 W, zimene sindimayembekezera. Pa 15 ya 1 W inayamba kuduka koma ya 25 ili mbee. Chapa 19 ya 25 nayo inayamba phokoso, pa 22 basi tinasowana. Ndinalumikizanso ka m'manja kaja ku eriyo yaikulu monga mwanenera mayi, pa 15 amandimva bwinobwino, pomwe ndi ka eriyo kake kakafupi sanamve kanthu.

Chimodzi chokha chandizunguza. M'mawa wina kunja kuli zii kopanda mphepo ndinamva sitima ikulankhula momveka ngati ili pambali panga, koma malo amene inatchula ndi opitirira makilomita 100. Ndiye masamu aja apita kuti?

Chiwongolero:

Masamu ali pomwepo achimwene, chimene munakumana nacho amati ducting. Mpweya wofunda ukakhala pamwamba pa mpweya wozizira wa pamadzi, makamaka nyengo ya bata, siginolo imakodwa pakati n'kumayenda motsata kubulungira kwa dziko, nthawi zina makilomita mazana angapo. Zimatha maola ochepa kapena masiku pang'ono, mphepo ikangoyamba zimabalalika, ndiye pokonza ulendo muziwerengera makilomita 15 amene munayesa aja, ndipo tsiku la mafunde muchotsepo pang'ono chifukwa boti likalowa pakati pa mafunde eriyo nayo yatsika. Pulagi ya kunja ija mwaikulunga tepi? Ngati simunatero chitani sabata ino madzi asanalowe.