Ndigule lenzi iti ya 100x yopimira malungo, achromat kapena plan achromat?

Akuluakulu a pa gulu lino, makamaka inu ogwira ntchito mu labotale, ndikupempha nzeru zanu. Ndimagwira ntchito pa kachipatala kena kuno ku Mzuzu, ndipo lenzi ya 100x ya maikulosikopu yathu, ija timadonthezera mafuta, yachita chuku m'kati chifukwa cha chinyezi cha kuno, moti popima magazi zonse zikuoneka ngati zakutidwa ndi nkhungu. Zikundisowetsa mtendere, chifukwa tizirombo ta malungo tikakhala tochepa timabisala mosavuta, ndipo mwana wodwala akhoza kubwerera kwawo atauzidwa kuti alibe malungo.

Wogulitsa zipangizo wanditchulira mitundu itatu. Achromat ndi yotsika mtengo, koma imaonetsa bwino pakati pokha, m'mphepete mumachita chimbuuzi. Plan achromat imaonetsa mofanana kuchokera pakati mpaka m'mphepete, pomwe fluorite imalekanitsa bwino mitundu koma mtengo wake ndi woboola m'thumba. Ziwiri zoyambazo zonse zalembedwa 1.25, choncho mphamvu yoonetsera tinthu tating'ono ndi imodzi. Popeza timayang'ana malo osachepera 100 pa galasi limodzi la magazi opakidwa utoto wa Giemsa tisananene kuti munthu alibe tizirombo, kodi ndalama yoonjezera ya plan achromat ndi yoyenera?

Yankho: Achimwene, musanafike pa mtengo, werengani zolembedwa pa lenzi yakaleyo. Ngati pali 160/0.17, makina anuwo ndi a chubu cha mamilimita 160, ndipo lenzi ya chizindikiro cha ∞, yopangidwira makina a mtundu wina, singaonetse bwino ngakhale italowa m'malo mwake. Ine ndingasankhe plan achromat, chifukwa munthu wopima magalasi ambiri pa tsiku amatopa maso akamangopotokola fokasi kuti aone m'mphepete, ndipo pamenepo ndi pomwe tizirombo timaphonyedwa. Fluorite isiyeni, phindu lake limaoneka kwambiri pa makina a fluorescence, aja oonera zinthu zopakidwa utoto wowala. Mukagula, muzipukuta mafuta ndi pepala la lenzi mukaweruka, ndipo muzisunga makinawo m'kabati mouma momwe muli silica gel, timibulu toyamwa chinyezi.

Mwini funso: Zikomo kwambiri, bambo. Ndayang'ana, yathu yalembedwadi 160/0.17, pomwe plan achromat yomwe anandionetsa ili ndi ∞. Mawa ndibwerera kwa wogulitsayo ndi lenzi yakaleyo m'manja kuti andifunire yofanana nayo.