Za chakudya cha achemwali kumudzi

Malume: Ana anga, dzulo ndinali kumudzi kukaona mwana wathu, ndipo mwini wake wandilola kuti nkhaniyi ndikuuzeni. Ma ARV akumwa mosadumphitsa, koma thupi latha moti chitenje chikumuzungulira kawiri. Nkhokwe ilibe kanthu, ndipo ndinamupeza akudya nsima ndi nkhwani wopanda ngakhale nsinjiro.

Achimwene a ku Johannesburg: Pepani malume, sindimadziwa kuti zafika pamenepo. Kuno akugulitsa mabotolo a mankhwala okweza chitetezo cha m'thupi, ndiye ndingathe kutumiza awiri pa basi ya Lachisanu.

Achemwali a ku Zomba: Achimwene, ndalamazo musaziponye m'madzi. Chitetezo chimabwerera chifukwa ma ARV amapondereza kachilombo, pamene chakudya chimapatsa thupi zomangira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2003 kuti munthu wamkulu amene ali ndi HIV amafunika chakudya chopatsa mphamvu choonjezera ndi 10 peresenti, ndipo akayamba kudwaladwala chimakwera ndi 20 mpaka 30 peresenti. Chinanso, ena mwa mabotolo otere amakhala ndi ayironi kapena kashiamu, zimene zimalepheretsa dolutegravir, mmodzi mwa mankhwala a ma ARV, kulowa bwino m'magazi munthu akamwera pamodzi m'mimba muli mopanda kanthu. Tigule mgaiwa, nyemba, usipa, mazira ndi mafuta ophikira. Bonongwe, chisoso ndi mango zilipo kale pakhomo nyengo ino, ndipo magulu asanu ndi limodzi a zakudya akwanira.

Azakhali: Mwanena bwino mwanawe, koma mayi ameneyu ndimamudziwa ine. Mukamupatsa mazira khumi, onse athera m'kamwa mwa ana ake atatu, iye n'kumanena kuti wadya kale. Tikamawerengera, tiwerengere nyumba yonse. Mtedza wa nsinjiro ndipereka ine, ndipo ndiusankha ndekha, chifukwa wachuku umawononga chiwindi. Madzi a pachitsime chija azithira WaterGuard, popeza akatsegula m'mimba zonse tagulazo zituluka osagwira ntchito.

Achimwene a ku Johannesburg: Ndamva azakhali. Ndalama ya mabotolo ndiitumiza kwa achemwali a ku Zomba mwezi uliwonse mpaka tikolole mu Epulo.

Malume: Zikomo. Tsiku lokatenga mankhwala ndidzamuperekeza kuti akamukweze pa sikelo, amuyezenso TB, chifukwa kuwonda kotere si njala yokha ayi, komanso tikafunse za chiponde. Amene ali ndi nkhuku yoikira andiuze lisanafike Loweruka.