Nyimbo yanga ya basi: anthu akufuna kuvina, ine mtima ukukana

Phiri wa ku Mufakose:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Nyimbo yanga ija ya basi ya kumudzi ndinaipeka ndili mnyamata, masiku amene bambo ankanditenga ku Mbare Musika, pokwerera mabasi kuno ku Harare, kukaperekeza anzawo opita ku Malawi kudzera pa Nyamapanda ndi Tete. Ndi sungura yothamanga, mu kiyi ya A. Bambo anatisiya chaka chatha osaionanso Mulanje, tinawaika konkuno. Chiyambire pamenepo mawu oti "mawa ndikwera" akundilemera pakamwa. Ndayesa kawiri kuiimba mofatsa. Ku Highfield mwezi watha anthu anakuwa kuti tikufuna yakale ija, ena n'kuyamba kolasi mothamanga ine ndisanafike, mpaka wa ng'oma anasokonezeka. Chinanso, mawu anga sakufikanso pamwamba pa kolasi. Loweruka tili ndi ukwati.

Wa besi wa ku Dzivarasekwa:
Pepani za bambo, achimwene. Za kiyi n'zosavuta, tsikirani ku G. Kungoti mu A besi yanu imagwera pa E, chingwe chachikulu chosagwira, ndipo kugunda konse kwa nyimboyo kuli pomwepo. Mu G mufunika D, ndipo besi ya zingwe 4 ilibe D wa pansi choncho. Mukamukweza pamwamba nyimbo ipepuka. Masulani zingwe zonse, lidi, ridimu ndi besi, zitsike sitepe imodzi yathunthu, zala ziziyenda mmene zinazolowerera. Kapo, yopanira zingwe pa khosi la gitala ija, musaiganize n'komwe, imakweza, sitsitsa.

Mayi Banda, woimba:
APhiri, ndikuuzani mosabisa. Ku ukwati anthu sanabwere kudzalira nanu. Ndipo kolasi imeneyo si yanu nokhanso. Ana a matchona angati anaiimba pa Khirisimasi akukumbukira kwawo? Musaikhudze, mawu ngakhale liwiro. Chisoni chanu chiikeni mu vesi.

Wa kiyibodi:
Apo sindikuvomereza, amayi. Mwini nyimbo ndi amene anaipeka. Malemu Mtukudzi ankaimba nyimbo zomwezo ndi Black Spirits, tsiku lina yekha ndi gitala, ndipo anthu ankakhala phee kumvetsera.

Mayi Banda, woimba:
Ankakhala phee chifukwa ankadziwa chimene alipirira pakhomo. Holo yokhala pansi ndi ukwati wa perekaniperekani n'zosiyana, mwana wanga.

Mkulu wa lidi wa ku Mbare:
Nonse muli ndi mfundo. Ine ndaimba m'mabala zaka zambiri, ndipo chimene ndinaona n'chakuti anthu sakana kuti nyimbo isinthe, amakana kuwabisira pofikira. Onani Macheso ndi Orchestra Mberikwazvo. Pa siteji nyimbo imatalika kuposa ya pa chimbale, besi imayenda yokha, ovina amalowa, koma aliyense amadziwa kuti kolasi ibwera momwe amaidziwira. Ndiye aPhiri, yambani nokha ndi gitala, popanda ng'oma, vesi yatsopano ya bambo m'Chichewa chokhachokha, mizere 4 basi. Musanayambe nenani mawu awiri, kuti iyi ndi ya makolo athu amene sanakwere basi ija. Kuno palibe banja lathu lopanda manda otere. Mukamaliza, wa ng'oma awerenge 4 ndi timitengo, besi ilowe, kolasi yakale yonse. Mudzaona, amene ankakuwa aja ndi amene adzaimbe mokweza kuposa onse, ndipo kuvina kwake kudzakhala kwina.

Wa ng'oma wa ku Glen View:
Chonde mugwirizane chizindikiro. Kugwedeza mutu usiku sitiona. Kwezani khosi la gitala. Ndipo jambulani pa foni usiku uliwonse, mawa lake mumve pamene anthu analowera ndi pamene anayamba kucheza.

Phiri wa ku Mufakose:
Zikomo nonse. Tayeserera madzulo ano. Zingwe tamasula, G wandikwana bwino, ngakhale lidi ikufuna zingwe zokhuthalako chifukwa zalefuka. Vesi ya bambo ndalemba, koma mzere wachitatu mawu anandithera pakhosi kawiri konse. Amayi Banda ndakumvani, ku ukwati ndiimba mizere iwiri yokha kenaka kolasi. Yonse 4 ndisungira ku Highfield kumapeto kwa mwezi. Akulu a lidi, mungabwere Lachinayi mudzatimvere polowera besi? Pakadali phokoso pamenepo.

Mkulu wa lidi wa ku Mbare:
Ndifika 5 koloko. Zingwe ndibweretsa, ndili nazo zapadera.